Mwana Wanga Atameta Ndinasiya Mankhwala

Chotupa ndinachipeza mu Novembala ndikumeta ndevu. Chinali pakhosi, mbali ya kumanzere, kukula kwake ngati nzama. Sichinkapweteka. Ndinachikanikiza ndi chala, ndinamaliza kumeta, n'kupita kuntchito.

Ndili ndi zaka 67. Ku Rotherham kuno, kudziko la azungu, ndakhala zaka zoposa makumi awiri, ndipo ntchito yanga inali yotsuka mabasi. Sukulu ndinalekera Sitandade 6 kwathu ku Dedza, koma ana anga awiri ndawaphunzitsa mpaka anamaliza. Zaka zonsezo sindinagonepo m'chipatala. Ndinkanyadira zimenezi.

Pofika Khirisimasi chotupa chija chinali ngati dzira la nkhunda. Ndinayamba kuvala sikafu ngakhale m'nyumba. Kunali kozizira, palibe anafunsa. Mu Januwale ndinayamba kutuluka thukuta pogona mpaka zofunda kunyowa, kunja kukugwa chisanu. Lamba ndinaboola bowo lina. Mu Febuluwale chitunda chochokera pokwerera basi kufika kunyumba ndinkapumira kawiri. Akazi anga, mayi a Tiya, ndiwo ankachapa zofundazo. Tsiku lina anandivula sikafu osapempha. Anaona. Anangoimbira foni mwana wathu woyamba, Tiyamike, amene ndi namwino pachipatala china ku Sheffield.

Sabata yoyamba ya Malichi Tiyamike anapita nane kwa dokotala wa m'dera lathu. Dokotala anafunsa kuti chotupacho ndakhala nacho nthawi yaitali bwanji. Ndinati masabata atatu. Tiyamike anandiyang'ana. Ndinati miyezi inayi.

Ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Sheffield. Anatenga magazi. Anadula kanyama pakhosi kuti akapime. Anandigoneka m'makina ojambula thupi lonse, amene amati sikani. Kenako tinadikira masabata awiri, ndipo kudikirako kunali kowawa kuposa jakisoni. Zotsatira zinati ndi khansa yotchedwa limfoma, imene imagwira mwanabele. Inali itafika kukhwapa ndi m'chifuwa.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimodzi. Chingerezi cha kuntchito ndimachimva. Cha madokotala n'china, amathamanga ndipo mawu awo ndi aatali. Choncho ankalankhula ndi Tiyamike, ine n'kumayang'ana milomo yawo, kenako iye n'kundimasulira. Dokotala akalankhula mawu makumi awiri, Tiyamike ankandipatsa asanu. Ndinaziona ndipo ndinazisunga. Bambo anga atadwala kwathu kalekale, dokotala anaitanira ine ndi mkulu wanga pakhonde, n'kutiuza kuti palibenso chochita, tiwatengere kumudzi. Bambo tinawauza kuti atulutsidwa chifukwa apeza bwino. Anamwalira pasanathe mwezi akukhulupirira zomwezo. Ndiye m'mene wodwala amabisiridwa ndimadziwa, chifukwa ndinabisirapo.

Mankhwala opha khansa, amene amati kemo, ndinayamba kumapeto kwa Epulo. Anati ndilandira kasanu n'kamodzi, pakatha masabata atatu aliwonse. Lolemba kupima magazi, Lachiwiri kemo. Umafika m'mawa, amakuyeza sikelo, umadikira dzina lako. Umakhala pampando waukulu, amakulowetsa diripi kudzanja, mabotolo n'kumasinthana mpaka madzulo. Mankhwala ena ndi ofiira, ndipo mkodzo umatuluka wofiira tsiku limenelo. Masana amayendetsa tiyi ndi masangweji. Namwino wina wachizungu, wamng'ono kwa mwana wanga, ankanditchula kuti "lavu", kutanthauza wokondedwa. Tsiku loyamba ndinamuuza dzina langa kawiri. Tiyamike anati kuno amatero kwa aliyense, ngakhale kwa oyendetsa basi. Ndinasiya.

Tsitsi linayamba kutsalira papilo ndisanalandire kachiwiri. Kenako ndevu, kenako nsidze. Ndinavala chipewa ndipo kutchalitchi ndinasiya kupita, ngakhale ndine mkulu wa mpingo. Sindinafune kuti anthu azindiyang'ana ndi maso achisoni. Kachitatu, kumayambiriro kwa Juni, n'kamene kanandigwetsa. M'kamwa munatuluka zilonda. Chakudya chilichonse chinkakoma ngati chitsulo. Nsonga za zala zinachita dzanzi. Thupi linatentha, ndipo anandigoneka masiku anayi. Nditatuluka anandijambulanso sikani, n'kunena kuti zotsatira adzandiuza pobwera kudzalandira kachinayi.

Lamlungu lachitatu la Juni kuno ndi tsiku la abambo. Kwathu tinalibe zimenezi, koma ana anazizolowera. Zaka zina ankandigulira shati kapena nsapato n'kupita nane kukadya kunja. Chaka chimenecho zinthu zinali zothina. Tiyamike anali atasiya mashifiti owonjezera kuti azindiperekeza kuchipatala, ndipo mwamuna wake mabwana anali atamuchepetsera masiku kunyumba yosungira katundu kumene amagwira. Mng'ono wake ali ku Newcastle, ankangoimba foni. Ndinawauziratu kuti mphatso sindikufuna.

Tiyamike ndi banja lake anabwerabe atatuluka m'tchalitchi. Tiyamike anaphika nkhuku yolimba ija ya kusitolo ya anthu akuda, mpunga ndi zitumbuwa. Adzukulu anajambula makadi pamapepala a kusukulu. Ndinatsika kuchokera kuchipinda cha pamwamba, ndinakhala patebulo ndi chipewa changa. Tisanapemphere, Tiyamike anaimirira n'kumasula duku.

Anali atameta mpala.

Mwana ameneyu sanametepo chichokereni kusekondale. Tsitsi lake silinalawepo mankhwala owongolera, ndipo akalikoka linkapitirira mapewa. Mayi ake ankatha Loweruka lonse akuliluka.

"Ababa, mphatso yanu ndi iyi," anatero akundipatsa envelopu.

Sindinailandire. Ndinati, "Wamwalira ndani?"

"Palibe, Ababa."

"Nanga wameteranji?"

"Ndachitira inuyo."

Kwathu mkazi sameta mpala pachabe. Timameta tikaika munthu m'manda, abale onse, kuti maliro athe. Ndinameta bambo anga atamwalira, ndinametanso mayi anga atamwalira. Pamenepo ndinaphatikiza zonse. Mwana uyu ndi namwino. Amalankhula ndi madokotala. Sikani anandijambula sabata yatha. Ndiye kuti amuitanira pakhonde, ndipo wayamba kale maliro anga ine ndili patebulo.

Ndinafunsa kuti tsitsilo lili kuti. Anati walitumiza papositi ku bungwe lina limene limasokera mawigi ana odwala khansa. Anati tsitsi ngati lathuli opereka ndi ochepa.

"Amene walandirayo ukumudziwa?"

"Ayi."

"Tsitsi la m'mutu mwako wapatsa munthu wosamudziwa."

Mayi anga tikameta ankasesa tsitsi lonse n'kukalikwirira okha, kuti munthu woipa asalitole. Ndine Mkhristu, koma zina sindinazitaye. Ndinadzuka, ndinakwera kuchipinda. Nkhuku ija sindinalawe.

Ndinaganiza chonchi. Ngati ndikufa ndithu, mankhwala ofiira aja ndivutikiranji nawo? Bola ndife m'nyumba mwanga m'kamwa mulibe zilonda. Lolemba sindinapite kukapimitsa magazi. Lachiwiri Tiyamike anafika ndi galimoto 8 koloko monga mwa nthawi zonse. Chitseko cha kuchipinda sindinatsegule. Analankhulira kunja. Anati, "Ababa, ngati ndalakwa ndilangeni ine, musalange thupi lanu." Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako ndinamva galimoto ikuchoka.

Mayi a Tiya analowa ndi phala, n'kuliika patebulo mwamphamvu.

"Akanandifunsa ndikanamuletsa," anatero. "Koma mwanayu anachoka kwathu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Maliro a kumudzi anawaonera kuti? Munamukhazikapo pansi n'kumuuza za kumeta inuyo?"

Ndinati zimenezo amaphunzitsa ndi amayi.

"Chabwino, ndalakwa ndine. Ndiye mufe kuti tonse tidziwe kuti tinalakwa? Imwani phalalo."

Chimene chinali mumtima mwanga sindinawauze. Ndinkaganiza kuti nawonso akudziwa, akungondibisira.

Lachitatu namwino uja wa "lavu" anaimba foni kufunsa chimene chachitika. Ndinati ndibwera ndekha kudzauza dokotala kuti ndasiya. Ine ntchito sindinasiyepo osatsanzika. Lachinayi ndinavala jekete, ndinakwera basi ya ku Sheffield ndekha, kwa nthawi yoyamba chiyambireni kudwala. Ndinadikira pabenchi maola awiri chifukwa silinali tsiku langa.

Dokotala wanga ndi mayi wachitsikana ndithu. Ndinamuuza kuti alankhule pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wotsuka mabasi. Kenako ndinati andiuze zimene anauza mwana wanga ine kulibe.

"Palibe chimene ndinamuuza," anatero. "Kuno sitiloledwa kuuza munthu wina za matenda anu inu musanavomere, ngakhale akhale namwino. Zotsatira za sikani mwana wanu sanazione. Zinkadikira inu Lachiwiri."

Anatembenuzira kompyuta kwa ine. Panali zithunzi ziwiri za thupi langa. Choyamba, cha mu Malichi, chinali ndi madontho akuda pakhosi, kukhwapa ndi m'chifuwa. Pachiwiri panatsala kadontho kamodzi, kofooka.

"Mankhwala akugwira ntchito," anatero. "Mukalekera pano matendawa abwerera, ndipo adzavuta kuposa poyamba. Kusankha n'kwanu, koma musankhe mutaona ichi."

Ndinayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Kenako ndinavula jekete n'kupinda mkono wa shati kuti atenge magazi. Anandilembera kemo Lachiwiri lotsatira, ndipo anandipatsa mankhwala ena otsukira m'kamwa, amene akanandipatsa kale ndikanawauza kuti zilonda zafika poipa.

Nditafika kunyumba envelopu ija ndinaipeza m'Baibulo langa. Anaikamo ndi mayi a Tiya. Munali pepala losonyeza kuti tsitsi laperekedwa m'dzina langa, ndi kalata yaifupi ya Tiyamike, m'Chichewa chake chopunduka. Analemba kuti chaka chino alibe chondigulira, ndiye wapereka chimene anali nacho chambiri. Analembanso kuti sadzasunga tsitsi mpaka langa litamera.

Ndinauza mayi a Tiya kuti auze mwana wawo abwere Lachiwiri. Anati, "Ndi wanunso, ndipo foni muli nayo." Ndinaimba ndekha.

"Lachiwiri, 8 koloko. Usachedwe."

"Chabwino, Ababa."

Anafika 8 isanakwane. M'galimoto ndinamufunsa za mawu amene ankawasiya pomasulira. Anavomera. Anati ankasiya za zilonda, za kusanza ndi za tsitsi, poopa kuti ndikamva zonse ndikana kuyamba. Ndinamuuza kuti kuyambira tsiku limenelo dokotala azilankhula ndi ine, iye azilowerera pokhapo ndamufunsa. Za kumeta maliro ndinamufotokozera tili pamzere wa magalimoto. Anaimika galimoto pambali n'kulira. Sankadziwa.

Kuchipatala anakhala pafupi nane opanda duku. Namwino uja anabwera ndi diripi, anayang'ana mutu wa Tiyamike, anayang'ana ine, n'kufunsa kuti wodwala ndi uti. Ndinavula chipewa kuti asalakwitse. Sindinachivalenso tsiku limenelo, ndipo Lamlungu lotsatira ndinapita kutchalitchi.

Zotumiza tsitsi papositi mpaka lero sindigwirizana nazo, ndipo Tiyamike amadziwa. Koma mwana amene adzalivaleyo, ngakhale sindimudziwa, matenda ake ndimawadziwa. Ndimamupempherera. Kupepesa mwana sindinazolowere. Ndinapepesa kamodzi, mu Ogasiti, tikuchokera ku kemo yomaliza. Mawu ake sindibwereza pano.

Kachinayi, kachisanu ndi kachisanu n'chimodzi sizinali zophweka. Kutopa kunkawonjezeka ulendo uliwonse, ndipo masiku ena ndinkalephera kukwera masitepe a m'nyumba mwanga. Koma sindinagonekedwenso. Mu Okutobala anandijambula sikani yomaliza. Dokotala anandiuza ine mwini, pang'onopang'ono, kuti sakuonanso kanthu. Sananene kuti ndachiritsidwa mpaka kalekale. Anati azindiona miyezi itatu iliyonse, ndipo ndimapita osaphonya.

Pano patha chaka ndi miyezi ingapo. Ntchito ndinapuma. Thupi labwerera, ndimadya chilichonse, ndimayenda mpaka kumsika n'kubwerera. Dzanzi la zala silinathe, mabatani a shati amandivutabe. Tsitsi linamera loyera lokhalokha, lofewa ngati la khanda. La Tiyamike likumeranso, ndipo akuti likakula adzaperekanso. Ndamuuza kuti adzayambe wandidziwitsa, ndipo lisadzakhale tsiku la abambo.

Ndalemba izi chifukwa cha amuna anzanga a msinkhu wanga amene tili kuno. Ndimakudziwani, timafanana. Mukapeza chotupa, ngakhale chosapweteka, pitani kwa dokotala sabata yomweyo. Mukamatuluka thukuta pogona kapena kuonda popanda chifukwa, pitani. Mukapita, funsani nokha. Ngati Chingerezi chathamanga, auzeni abwereze, kapena pemphani womasulira. Si manyazi. Kuno wodwala sabisiridwa, ndiye musamawerenge matenda anu pankhope za ana anu. Ndipo ana amene anakulira kuno akachita chinthu chokudabwitsani, afunseni kaye musanakwere kuchipinda.

Ine ndinataya sabata imodzi chifukwa chosafunsa, ndi miyezi inayi chifukwa cha kunyada. Ndinafunsa dokotala ngati zimenezi zinawononga kanthu. Za sabatayo anati ayi. Za miyezi inayi anati ndinachita mwayi, ndipo si onse amene amauchita.