Khomo la Kutsogolo la Butchala

Ndinafika ku Lusaka ndili mkwatibwi, m'zaka za Chitaganya, nditakwera lole kuchokera kwathu kum'mawa, kufupi ndi Fort Jameson. Amuna anga ankayendetsa galimoto ya boma, ndipo ntchitoyo inawapatsa nyumba ku Kabwata. Tinali tinyumba tozungulira, tofolera ndi udzu, tothithikana moti munthu akatsokomola m'nyumba mwake, woyandikana naye ankamva. Mpope unali umodzi mzere wonse.

Kumanja kwathu kunkakhala banja la Asilamu ochokera ku Nyasalande. Bamboyo anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye m'tauni. Mkazi wake anali wamkulu kwa ine, wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo ankafunda nsalu kumutu ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinakulira mumpingo, ndipo kumudzi kwathu kunalibe Msilamu ndi mmodzi yemwe. Zoyamba kumva za iwo ndinazimva Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi, kwa mkazi wa mkulu wa mpingo, mayi wa kwathu konko amene anadzipatsa udindo wondilera m'tauni.

"Ndamva mwayandikana ndi Achawa," anatero akundikonza duku. "Muzisamala mwanawe. Anthu amenewo amatiyesa odetsedwa. Mukawapatsa madzi m'kapu yanu, amakataya kuseri kwa nyumba."

Sindinafune kukhulupirira msanga. Mlamu wanga atabwera ndi nkhuku kuchokera kumudzi, ndinaphika imodzi, n'kupakulako ntchafu ndi msuzi, n'kupita nazo kwa mkazi wa telala uja. Analandira ndi manja awiri, nathokoza. Dzuwa lisanalowe mbale inabwerera, nyama ili momwemo osakhudzidwa, pambali pake atayikapo zitumbuwa zokulunga m'tsamba.

Zinandiwawa kwambiri. Ndinasiya kumupatsa moni. Ndikamva ndowa yake ikulira kumpope ndinkadikira m'nyumba mpaka achoke. Koma ku Kabwata munthu sukanatha kubisala. Ndinkamumva akudzudzula ana ake ndi mawu omwewo amene amayi anga ankatidzudzula nawo. Ndinkamuona akusesa bwalo lake, kenaka n'kupitiriza mpaka pakhomo panga ngati palibe chimene chachitika. Chakudya chinasiya kundikomera, mutu unkandiwawa masana aliwonse, ndipo amuna anga akabwera ndinkawakalipira pa zinthu zopanda pake. Tsiku lina ndili chikhalire pamphasa, ndikumvetsera ndowa ya mnzanga ngati wakuba, ndinadziuza kuti sindinachokere kutali konseko kudzakhala mkaidi m'nyumba yanga. Ndinanyamula ndowa n'kutuluka.

"Amayi," ndinatero nditaima pambali pake, "nkhuku yanga ija inalakwa chiyani?"

Anatseka mpope. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaseka mwamanyazi, atagwira pakamwa ndi nsonga ya nsalu.

"Achemwali, nkhuku yanu inkanunkhira mpaka ana anga analira. Koma ife sitidya nyama imene sinachinjidwe ndi Msilamu. Vuto si dzanja lanu, ndi mpeni. Ndinasowa poyambira kukuuzani."

"Nanga atazinga amuna anu, ine n'kuphika?"

"Ndingadye mpaka kunyambita mbale."

Tinakhala pamwala wochapira mpaka ndowa zathu anthu ena anazikankhira pambali. Anandiuza kuti nayenso anzake a kumzikiti anamuchenjeza tsiku limene ndinafika, ati anthu a kum'mawa amaphikira mbewa ndi nkhumba mumphika umodzi ndipo sasamba m'manja. Zambewazo sindinakane. Tinaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo ndinkamutcha achemwali monga ankanditchulira iye, ndipo nkhuku iliyonse ya pakhomo pathu inkazingidwa ndi telala uja asanapite kuntchito.

Mkazi wa mkulu wa mpingo atamva, anabwera kunyumba. Anakana mpando.

"Ndiye mukudya nyama yopemphereredwa m'chilankhulo chimene simuchidziwa?"

"Amayi, ikafika pambale timaipemphereranso m'chathu," ndinayankha maso ali pansi. "Anthuwa ndimakhala nawo khomo ndi khomo. Sindingawathawe."

Anachoka osatsazika, ndipo kwa miyezi ingapo amayi ena kutchalitchi ankandisendera ndikakhala pabenchi. Ndinkapitabe, n'kumaimba nyimbo zanga.

Chaka chimenecho ndinaima. Mimba itayamba kuoneka, ndinayamba kuchita chizungulire, ndikawerama kusesa maso ankachita mdima. Kukiliniki namwino anandikoka chikope, nayang'ana zikhatho zanga, nati magazi achepa. Anandiuza kuti ndizidya masamba ambiri ndi chiwindi, apo ayi tsiku lobereka lidzandivuta.

Chiwindi chabwino chinkapezeka m'tauni, m'mabutchala a Azungu a mumsewu wa Cairo. Masiku amenewo munthu wakuda sankalowa pakhomo la kutsogolo. Tinkazungulira kumbali, m'kanjira konunkha mkodzo, n'kuima pamzere pa kawindo kakang'ono. Ukapereka ndalama, dzanja linkatuluka ndi phukusi lokulunga kale m'nyuzipepala. Suunkaona nyama, suunkasankha. Ndinapempha chiwindi kangapo konse. Ndikafika kunyumba n'kumasula, ndinkapeza mafupa, mitsempha ndi mafuta achikasu. Tsiku lina phukusilo linali litayamba kale kubiriwira.

Achemwali anandipeza nditakhala pakhomo, phukusi lili pansi, ntchentche zikulizungulira. Analitembenuza ndi kamtengo.

"Chiwindicho mulibe m'sitolomo?"

"Chilimo. Ndimachiona pagalasi ndikamadutsa."

"Ndiye mawa tikalowe tikachiloze ndi chala."

"Inu nyama ya mmenemo simudya n'komwe."

"Sindikupita kukadya. Ndikupita kukaima nanu."

Madzulo ndinawauza amuna anga. Anasiya kudya. Nyumba imene tinkakhala inali ya ntchito, ndipo munthu akatchulidwa kuti ndi wovuta, ntchito ndi nyumba zinkapitira limodzi.

"Ukufuna tibwerere kumudzi ndi mphasa pamutu?" anandifunsa.

"Bambo, sindikukatukwana munthu. Ndikukagula chimene namwino wanena. Mwanayu ndi wanunso."

Anayambanso kudya. Kenaka anangoti, "Usakatchule kumene ndimagwira ntchito."

Mmawa tinavala ngati tikupita ku ukwati. Ine diresi la buluu limene telala uja anandikulitsira m'mimba, achemwali nsalu yawo yoyera. Tinayenda wapansi, kudutsa njanji, mpaka pakhomo la butchala. Pachitseko panali kabelu, ndipo titakankha kanalira mokweza ngati kakutinenera. M'katimo munali mozizira, pansi atathira utuchi woyera. Nyama inali itayalidwa m'mathireyi kuseri kwa galasi, chiwindi chili pakona, chofiirira, chonyezimira. Azimayi achizungu amene anali pakauntala anatembenuka onse, nasiya kulankhula.

Mwini butchala anali Mzungu wamfupi wa manja aubweya. Sanatifunse chimene tikufuna. Analoza kukhomo ndi chikwanje chake chodulira nyama, natiuza m'Chilapalapa, chilankhulo chimene Azungu ankalamulira nacho antchito, kuti tizungulire kuwindo. Chizungu changa chinali cha sukulu ya mishoni, chochepa, koma ndinali nditachiyeseza njira yonse. Ndinaloza pagalasi n'kunena kuti ndikufuna chiwindi icho, ndipo ndalama ndili nazo.

Wantchito wake wachikuda, bambo waimvi wovala apuloni yamagazi, anatuluka kuseri n'kutiyandikira. Analankhula motsitsa m'Chinyanja cha m'tauni.

"Ba mayi, chokani. Muzanichosesa nchito."

Tinatuluka chifukwa cha iyeyo. Panja anthu a pamzere wa kuwindo anali atasuzumira pakona. Ena ankaseka, mayi wina anati tapenga. Chizungulire chinandigwira, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu. Achemwali anaima pakati pa ine ndi dzuwa mpaka chizungulire chinatha.

"Loweruka tibweranso," anatero.

Tinabweranso, ndipo anatitulutsanso. Ulendo wina anatiitanira wapolisi, amene anatiperekeza mpaka kunjanji osatiyang'ana kumaso, n'kutipempha kuti tisamuvutitse. Pakati pa sabata ndinkadya bonongwe ndi chisoso chimene achemwali ankatchola kuthengo la kuseri kwa Libala. Loweruka likafika tinkavala n'kunyamuka. Sitinkakuwa kapena kukangana ndi munthu. Tinkalowa, kuima pamzere pambuyo pa amene tawapeza, n'kudikira.

Pakati pa ogula panali mayi wina wachizungu wachikulire, woonda, amene ankabwera ndi dengu la mlaza. Tinkamupeza pafupifupi nthawi zonse. Poyamba ankafumbatira chikwama chake tikamuyandikira. Kenaka anayamba kumayang'ana mimba yanga. Loweruka lina titatulutsidwa anatitsatira panja. Ankalankhula Chinyanja chothyokathyoka, chimene anati anaphunzira kwa wophika wake kunyumba kwake ku Woodlands. Anati ndimupatse ndalama akandigulire chiwindicho, andipatsire panja pomwepo.

Achemwali anandigunda ndi chigongono. "Landirani, mwana akufuna magazi," ananong'ona.

Ndinachifuna chiwindicho, Mulungu akudziwa. Koma ndinaona kuti ndikalandira, ndiye kuti ndapeza kawindo kena, kokhala ndi nkhope yabwino.

"Zikomo dona," ndinatero. "Koma ndikufuna ndigule ndekha. Ngati mukufuna kundithandiza, mukamuuze kuti atigulitse."

Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Analowa m'galimoto yake n'kupita. Njira yonse yobwerera achemwali sanandilankhule. Tili pafupi kufika anati, "Muli ndi mutu wouma, achemwali. Mukadwala ndiye ndidzawauza chiyani amuna anu?" Sabata imeneyo ndinagona kwambiri chifukwa cha kufooka. Komabe Loweruka m'mawa ndinamva kugogoda, ndipo anali iwo, atavala kale.

Tsiku limenelo sitinali awiri okha. Amayi ena a pamzere wa kuwindo anatitsatira, mmodzi wa iwo ndi uja anati tapenga. Titalowa tinapeza dona wachikulire uja ali pakauntala, ndipo inali nthawi yake yogula. Atationa anabwerera m'mbuyo ndi dengu lake, n'kukaima kumbuyo kwanga. Mwini butchala anamuitana mwaulemu kuti abwere kutsogolo. Iye anapukusa mutu. Anati sakufulumira, ayambe wathandiza mayi woyembekezerayu, ndipo iye adikira ngakhale mpaka masana.

Mzungu wina anatuluka atakwiya, kabelu n'kulira. Ena anangoima, akuyang'ana utuchi pansi. Mwini butchala anayang'ana dona uja, nayang'ana ife, nayang'ana kumsewu kumene anthu anali atayamba kuunjikana pagalasi. Kenaka anatsegula kabati, natola chiwindi.

"Osati icho," ndinatero, chala chili pagalasi. "Icho cha kumanzere."

Anachiponya pasikelo mwamphamvu mpaka magazi anadonthera pakauntala. Ndalama zanga sanazilandire m'manja, anagogoda pathabwa kuti ndiziike pamenepo. Ndinaziika. Bambo waimvi uja ndiye anakulunga, m'pepala loyera ngati la ogula ena onse, ndipo pondipatsa anagwirizira dzanja lake lamanja ndi lamanzere monga tichitira kwathu.

Dona uja sitinalankhulane naye zambiri. Potuluka ndinamuweramira pang'ono, iye anagwedeza mutu. M'masabata otsatira tinkapatsana moni, ndipo nthawi ina anandifunsa mwezi umene ndikuyembekezera. Sanakhale mnzanga, ndipo kunyumba kwake sindinapondeko. Mwini butchala nayenso sanasanduke munthu wina. Masiku ena ankatigulitsa, masiku ena ankatisiya chiimire mpaka Azungu onse atatha. Kawindo kaja kanakhalapobe zaka zingapo, ndipo ambiri ankapitabe komweko chifukwa choopa. Sindinkawaweruza, mantha amenewo ndinkawadziwa kulemera kwake.

Chiwindi choyambacho ndinachikazinga ndi anyezi. Achemwali anakhala pambali akusenda mtedza, osalawa ngakhale msuzi, koma akundiyang'anira kuti ndimalize chonse. Amuna anga atamva mmene zayendera anatuluka panja, nakaima ndi telala uja nthawi yaitali, ndipo ndinawamva akuseka.

Patapita masabata angapo chizungulire chinachepa. Koma chimene chinandidabwitsa ndi china. Kale ndikamayandikira msewu wa Cairo mapewa ankadzipinda okha, ndinkayenda m'mphepete ngati ndabwereka msewuwo. Tsopano ndinkayenda ndikuona zinthu: mitengo ya pakati pa msewu, nsapato za m'magalasi, nkhope za anthu.

Mwana anabadwa nthawi ya mvula, wamkazi, wolira mwamphamvu. Achemwali ndiwo anandiperekeza kuchipatala, atandifunditsa nsalu yawo. Mkazi wa mkulu wa mpingo anabwera kudzaona mwana, nawapeza akundiphikira phala. Anaima pakhomo kanthawi, kenaka analowa n'kukhala pamphasa. Sanalankhulane zambiri, koma mwana atalira anapatsirana.

Mwanayo atayamba kukhala pansi anagwidwa ndi chifuwa, ndipo namwino anatiuza mankhwala oti tikagule kusitolo ya mankhwala ya m'tauni. Nayonso inali ndi kawindo kake kumbali. Ndinabereka mwana, n'kuitana achemwali ndili pakhomo. Anati ndidikire avale nsalu yoyera. Titafika tinapeza chitseko chake ndi cholemera, cha galasi lokhuthala, ndipo tinachikankha tonse awiri.