Kawaya kosunga malo a dzino

Ine kunong'ona sindinaphunzire. Ndikaitana ogula matemba pa Ulongwe, ngakhale a kutsidya kwa msewu ankatembenuka. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma pa njira ya ku nyanja ya Chiuta, dengu la nsomba pakaliyala, khadi la chipani m'thumba la malaya, panalibe wondiposa. Tsiku limodzi lokha ndi limene ndinatsitsa mawu, ndipo chinandichititsa ndi kawaya kochepa ngati mbedza.

Ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Ulongwe. Mwana wathu wachisamba, wamkazi, asanayambe n'komwe sukulu, dzino lake lotafunira linabooka, tsaya n'kutupa. Ndinali nditamva kuti pachipatala china cha mishoni cha ku Balaka pamabwera dokotala wa mano nthawi zina. Sindinafunse munthu. Ndinatsitsa dengu, n'kumangirira chitenje pakaliyala, mwana pamenepo, ulendo.

Dzino analichotsa. Kutupa kutaphwa tinabwererako monga anatiuzira, ndipo dokotala uja, kudzera mwa womasulira, anati dzino lachikulu lodzamera pamenepo likadali kutali. Malo akangokhala pululu, mano a m'mbali adzapendekera momwemo, mwini malo pobwera adzapeza potseka, n'kutulukira pambali ngati la nguluwe. Choncho anaveka kamphete kachitsulo pa dzino loyandikana nalo, kali ndi kawaya kopinda kotchinga mpata uja.

Ndinatsegulanso kukamwa kwanga, poti inenso ndili ndi mpata wa dzino limene ndinalisiya pamsewu nditagwa ndi njinga. Anati akuluakulu nawonso amawaikira chogwira mano kuti asapendekeke, koma chomera palibe. Ndinati basi usiyeni, mpata umenewo ndi umene ndimaimbira likhweru.

Nkhani ndinaifalitsa ndekha, tisanafike n'komwe pakhomo. Pofika mawa lake inali itawapeza alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene kwathu kuno ndiye mwini mbumba. Anabwera atavala mkanjo, pulayala ya njinga ili m'manja.

"Alamu," anatero, "mwaika chitsulo m'kamwa mwa mwana wa yani?"

"Wanga," ndinayankha mokweza mpaka nkhuku zinabalalika.

"Wanu? Munabwera naye pa njinga kuchokera kwanu? Mbuzi ya m'khola la eni simuidula khutu osafunsa. Chitsulo chimachita dzimbiri. Chikamutupitsa mwanayu, pa mlandu adzafunsa ine, inu muli ku Chiuta kukangana ndi asodzi. Bwera kuno iwe, yasamula."

Mwana anathawira kumbuyo kwa mayi ake, milomo atamanga. Ine magazi anali atawira, ndinafuna kuwauza alamu kuti pulayala yawoyo akakonzere tcheni. Mkazi wanga anangondikoka malaya.

"Bambo a mwana, mukakuwa kawayako kachoka lero. Achimwene sakudana ndi waya. Akudana ndi kumva kwa anthu a pachitsime."

Ndinayang'ana pulayala, ndinayang'ana mwana. Ndinaona nguluwe ija. Ndiye ine, munthu womveka kuyambira Ulongwe mpaka kusiteshoni ya sitima ku Balaka, ndinasiya mpando, n'kukhala pansi pafumbi, chisoti pabondo.

"Alamu, ndinadumpha khomo. Mwanayu ndi wanu. Ndikupempha kawayaka kakhale."

"Mukuti bwanji? Sindikumva."

Ankamva bwinobwino, mano onse ali pamtunda. Ndinabwereza, apongozi ali pakhonde akuseka m'chitenje.

Alamu anamuitana mwana mwaulemu tsopano, pulayala ataiika pansi. Anasuzumira m'kamwa nthawi yaitali, n'kugogoda kawaya ndi chikhadabo.

"Kakhale. Koma woyang'anira ndine. Ndikangoona dzimbiri kapena usinini utatupa, ndichotsa ndekha."

Kuyambira pamenepo kawaya kanapeza mlonda woposa wa pa sitolo ya mmwenye. M'mawa uliwonse pochokera kumzikiti alamu ankadzera pakhomo pathu, mswachi wa mtengo ali nawo kale, wotafunatafuna kunsonga. Mwana ayasamule, atsuke iwo akuona. Analetsa nzimbe. Analetsa chimanga chokazinga. Tsiku lina ndinamubweretsera mwana wanga yemwe switi wa ku Balaka, womata m'mano uja, alamu anandilanda pamaso pa anthu.

"Mukufuna kuzula waya wathu?"

Wathu, eti. Switiyo anadya okha.

Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Mwana anayamba sukulu, anzake ankamupatsa mango kuti awaonetse chitsulo. Dzimbiri silinabwere. Ine pena ndinkada nkhawa, poti pansi pa kawaya panali usinini wokhawokha, ndipo dzino likanapanda kumera ndikanasamuka m'mudzimo ndi manyazi. Koma pakamwa sindinkaonetsa. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti likubwera, lili pa Liwonde.

Tsiku lina ndikuchokera ku nyanja, thukuta lili kamukamu, ndinamva munthu akukuwa kuchokera kumudzi, mawu oposa anga. Anali alamu, atamugwira mwana dzanja, akuyenda naye khomo ndi khomo. Kansonga koyera kanali katatuluka pakatikati penipeni pa kawaya, mowongoka ngati mmera wa chimanga.

"Alamu, bwerani mudzaone dzino la mbumba yanga. Ndikanapanda kulimbikira ine, bwenzi mutaliononga ndi maswiti anu."

Kokachotsa kawaya ku Balaka anati apita okha, poti ndi nkhani ya eni mbumba. Njinga yawo inali yothyoka foloko, ndiye anabwereka yanga. Ndinawabwereka. Anabwerako kawaya atakakulunga m'kansalu, ndipo anakasunga iwo mpaka kumwalira kwawo, Mulungu awachitire chifundo.

Mwana uja lero ali ndi zidzukulu zake, ndipo amatafuna nzimbe mbali zonse ziwiri. Akaseka ndimauza aliyense ali pafupi, ngakhale amene sanafunse, kuti ayang'ane m'mbali kumanzere. Dzino limenelo ndi la mbumba ya alamu, sindikana. Koma anapalasa njinga ndani, ndipo anakhala pafumbi ndani?