Shati yakuda ya pa salaula

Shati yakuda ija ndinaigula pa salaula, pamsika wa zovala zakale, ku Kapata, ndipo kolala yake inali ngati ya ansembe. Nditakwera minibasi ya ku Chipangali, kondakitala anati, "Abambo, khalani kutsogolo." Ine ntchito yanga ndi yogulitsa feteleza, koma kumbuyo kunali matumba ndi nkhuku. Ndinangomwetulira n'kukhala.

Kenaka kuchitseko kunakhala amayi ena achikulire, ine n'kupanikizika pakati pa iwo ndi dalaivala. Titatuluka m'tauni, wailesi ikusokosera, anandinong'oneza kuti, "Abambo, kwathu ansembe amabwera mwa apo ndi apo. Ndilapiretu pompano."

Ndinafuna kunena zoona, koma mpando ndinali nditaulandira kale. Anayamba kulapa, misozi ili m'maso. Atamaliza anaweramitsa mutu, kudikira. Ndinakweza dzanja n'kunena kuti, "Pitani mumtendere, amayi."

Anatsika atapepukidwa. Zimene anandiuza sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. Shatiyo ndinasiya kuvala, koma tchimo lawo ndikadali nalo, ndipo ndilibe mphamvu yolikhululukira.