Chikasu cha m'mabondo a amayi

Chizindikiro choyamba cha matenda a amayi ndinachilemba m'kope langa m'nyengo yozizira, chaka chachiwiri titabwerera kuchokera ku Malawi. Amayi ankati akadzuka, mabondo auma, ndipo ankayamba agwira chitseko asanaponde bwino. Ankagulitsa tomato wochokera kwathu ku Angónia, ndipo kuchoka ku Matema, kumene tinkakhala, kukafika pamsika ndi dengu pamutu kunayamba kuwatengera nthawi yaitali. Kenako bondo lamanja linatupa, likulira ngati mchenga uli mkati.

Anakatemetsa mphini, koma sizinathandize. Azakhali anati ngati zipitirira, ine ndisiye sukulu ndizikakhala pa tomato. Ndinali nditangoyamba kumva Chipwitikizi cha m'kalasi.

Mvula itayandikira tinapita kuchipatala. Tinakhala pa bicha, mzere wa odwala, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, pakati pa anthu a ndodo ndi amayi a makanda. Dokotala anapinda bondolo, nati ndi nyamakazi ya kutha kwa mfundo. Anapereka mapiritsi a ululu. Namwino anawonjezera malangizo mofulumira m'Chipwitikizi, ine ndikumasulira chapansipansi chifukwa cha manyazi. Pa zonsezo amayi anangogwira liwu limodzi: chikasu.

Malume anamwalira ndi matenda a chikasu tili kothawa nkhondo ku Malawi, maso ali achikasu. Amayi anafika kunyumba akukumbukira zimenezo. Anasiya kudya bwino, ndipo mapiritsi sankamwa. Tsiku lina ndinawapeza akudziyang'ana m'maso pakagalasi, nandiuza kuti nsalu zawo ndidzagawane ndi mng'ono wanga. Pamenepo ndinamvetsa kuti ankaganiza kuti awapeza ndi matenda a malume aja.

Tinabwereranso kuchipatala, ndipo tinapeza namwino wina wa ku Tsangano, wolankhula chinenero chathu. Sanaseke. Anati, "Mayi, chikasu chake ndi chothira m'ndiwo chija, osati matenda. Muli zinthu zoteteza minofu, monga mafuta atetezera khasu ku dzimbiri. Ena chimawachepetsera ululu. Koma fupa lotha sichilibwezera, ndipo mapiritsi musasiye."

Amayi anati, "Ndiye ndalirira zokometsera ndiwo?"

Kuyambira pamenepo ndimasinja kamuzu kachikasu n'kuwathirira pang'ono m'phala. Madzulo ndimawathowa ndi nsalu yofunda, iwo n'kumawongola mwendo pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira. Dengu anasiya kusenza. Mnzawo wa ngolo ndiye amawatengera. Sindidziwa chimene chathandiza kwambiri pa zonsezi.

Sanachiriretu. Kukazizira bondo limawakumbutsa. Koma amayenda okha mpaka pamsika, ndipo ine ndikulemba izi nditavala yunifolomu ya sukulu.

Kwa amene mfundo zikuuma, pitani kuchipatala musanatupe, ndipo mankhwala azitsamba muziwatchula kwa namwino. Ngati liwu lakuopsani, funsaninso musanatuluke pakhomo. Ndipo iwe womasulira, ngakhale uli wamanyazi ngati ine, kweza mawu.