Tsiku Limene Ndinakatulukira Bambo Anga Aang'ono ku Area 10

Ku ofesi kwathu ku City Centre ndinali ndi mnzanga, mtsikana wa mbali ya makompyuta, amene matenda ake anali oyimba osadziwika. Ankakonda magulu oti anthu owadziwa sangadzaze minibasi imodzi. Woyimba akangomveka pa wailesi kawiri, iye ankati ameneyo wasukuluka. Nthawi ya nkhomaliro, ine ndili kalikiliki ndi chipisi changa, ankandilowetsa hedifoni m'khutu osapempha n'kumandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndatembenuka mtima.

Lachisanu lina anandiuza kuti Lamlungu masana kuli zoyimba pakhomo pa munthu wina ku Area 10, ndipo kudzakhala nyimbo za mitundu itatu: popu, panki ndi foku. Ndinamva ngati wati foloko, ndiye ndinavomera msanga poganiza kuti kukakhala chakudya.

Nyumbayo inali ya mpanda wautali, kapinga wake wobiriwira ngati kuti Okutobala safikako. Anthu anayala mikeka ndi zitenje pansi, anthu oti kwawo ali ndi masofa achikopa. Azungu angapo anali atavula nsapato. Ine amene ndinakula ndikukalipiridwa chifukwa chopita kugolosale chapansi, wopanda nsapato, ndinakhala ndi zanga kuphazi, ndikudikira foloko uja. Kunabwera mtedza m'timbale.

Woyamba anali mtsikana wa laputopu, akuyimba m'Chingerezi za mnyamata amene anasiya kuyankha mauthenga. Nyimbo yachitatu ili pakati batire linatha, ndipo anaimaliza ndi mawu ake okha, akuwomba m'manja. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti mwanayo amatha kuyimba, laputopuyo ndiye imamutchinga.

Kenako panabwera a panki, amuna atatu ndi mayi mmodzi pa ng'oma. Woyimba wawo ndinamudziwa. Ndi bambo amene mkati mwa sabata amakhala pa kauntala ya ofesi ina pafupi ndi kwathu, tayi pakhosi, kuyankhula motsitsa mpaka umachita kuwerama kuti umve. Tsikulo anavala tisheti yong'ambika, koma yong'ambidwa ndi sizasi, mbali zonse mofanana. Anagwira mayiki ngati akufuna kuiluma n'kuyamba kukuwa za kondakitala amene amati minibasi ikunyamuka pomwe muli anthu awiri. Nyimbo iliyonse inkatha usanaipeze mutu. Ina inali ya maenje a mumsewu, mawu ake anali atatu okha. Ndinadzipeza ndikugwedeza mutu, mnzanga uja akundiyang'ana ngati m'busa amene wapeza nkhosa.

Atatha, mnyamata woyendetsa mwambo, wa Chingerezi cha m'mphuno, anapempha kuti tikhale chete. Anati tsopano timva chuma chimene achipeza kumudzi wina wakutali, mkulu woti sanaimepo kutsogolo kwa mayiki, amene amayimba ndi banjo yopanga yekha.

Anatuluka bambo anga aang'ono.

Awa ndi mng'ono wawo wa bambo anga, bere limodzi. Akhala m'tauni muno kuyambira ine ndisanabadwe, akukhoma ndowa ndi mbaula kuseri kwa msika ku Old Town. Ali ndi mafoni awiri ndipo amakonda nsapato zosongoka. Koma apa anatuluka chapansi, chipewa cha mlaza kumutu, akuyang'ana mayiki mwamantha ngati ndi njoka. Banjoyo ndinkaidziwa, ya chitini cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga. Bambo anga, amene ndi mkulu wa mpingo, anailetsa kulowa pa geti pathu ku Area 3 kalekale.

Maso athu anakumana. Anandidutsa nawo ngati ndine mtengo wa mapapaya.

Anayamba pang'onopang'ono, ndi mawu olira, oti ngakhale ine tsitsi linandiyimirira:

Achimwene thamangani, galu wadzuka,
Thalauza latsala pa waya,
Mawa mulalikira mutavala chiyani?

Nyimboyo inafotokoza zonse. Achimwenewo anapita kukacheza ndi namwali kuseri kwa nyumba ya eni ake, galu anawatulukira, anadumpha mpanda wa waya, thalauza linakana kudumpha nawo, ndipo waya unawasiyira chizindikiro pa katumba wa mwendo wakumanzere. Pamenepo ndinatsamwa ndi mtedza. Chipsera chimenecho ndimachidziwa, chili pa mwendo wa bambo anga ondibereka. Bambo ankatiuza kuti anagwa pa njinga atanyamula Mabaibulo kupita nawo ku tchalitchi cha kumudzi, ndipo ankatiuza zimenezi pofuna kutiphunzitsa kudzipereka.

Nyimbo itatha, mnyamata wa m'mphuno uja anamasulira kwa alendo. Anati ndi nyimbo ya chisoni cha anthu amene amathawa kwawo chifukwa cha chilala, kusiya zonse m'mbuyo, osadziwa za mawa. Mayi wina wachizungu patsogolo panga anapukuta misozi. Amalawi amene analipo anangoyang'ana kapinga, mapewa akugwedera. Ine ndinalephera kudzigwira, ndinaseka. Mnzanga ananditsina pantchafu.

"Ukutichititsa manyazi. Mkuluyu ndi weniweni, si za pa wailesi izi."

"Ndikudziwa kuti ndi weniweni," ndinatero. "Anandigulira yunifolomu ya folomu wani."

Nthawi yopuma ndinawapeza kuseri kwa khitchini akumwa tiyi wa mkaka, foni ili m'manja.

"Bambo, nsapato zili kuti?"

"Zili m'jumbo umo. Eni mwambowa anati chapansi nyimbo zimamveka bwino."

"Nanga mudzi wakutaliwo ndi uti?"

"Kuseri kwa msika. Iwe pobwera kuno wakwera maminibasi angati? Si kutali kumeneko?"

Anandiuza mmene zinayambira. Mayi wa ng'oma uja anapita kukagula mbaula, anawapeza akuyimba podikira makasitomala, anakhala pa ndowa yovundikira mpaka dzuwa kupendeka, mbaulayo n'kuiwala. Za mudzi wakutali anawonjezera ndi a m'mphuno aja, iwo sanafune kutsutsana ndi ophunzira.

"Koma nkhani ya thalauzayi ndi yoona?"

Anapemerera tiyi. "Ine ndinali pa njinga kunja kwa mpanda, ndikudikira. Ndinawapalasa mpaka kunyumba atafunda jekete langa m'chiuno." Kenako anatsitsa mawu. "Usakanene kwanu, mwana wanga. Achimwene ali ndi bipi."

Sindinakanene. Koma pomaliza mwambo a panki aja anawaitana kuti ayimbe nawo, ndipo nyimbo ya chilala ija inasanduka chinthu china. Ng'oma zinathamanga, bambo wa pa kauntala akukuwa "Thalauza! Thalauza!" mitsempha ili panja, bambo aang'ono ataiwala kuti amaopa mayiki, akudumpha ndi banjo yawo chipewa chitagwa. Mafoni onse anali m'mwamba.

Sipanathe masabata awiri, kavidiyo ka nyimboyo ndinakamva m'minibasi ya ku Old Town, kondakitala akuyimba nawo, osadziwa kuti gulu lomwelo lili ndi nyimbo yomunyoza. Kenako kanalowa m'gulu la pa foni la amayi a chigwirizano a kumpingo kwathu. Amene anakatumiza analemba pansi pake kuti tiwapempherere achinyamata.

Loweruka lotsatira bambo anaitanitsa mng'ono wawo, ndi ine ndemwe, popeza ndinkaoneka m'kavidiyoko ndikuvina pakona. Tinakhala pabalaza. Bambo aang'ono anabwera ndi nsapato zosongoka, banjo ataisiya. Mayi anakhala pafupi ndi chitseko akusankha nyemba m'lichero, ngati nkhaniyo sikuwakhudza.

Bambo anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.

"Ndamva nyimbo yako."

"Ndi nyimbo chabe, achimwene. Sindinatchule dzina."

"Uli ndi achimwene angati iwe?"

Bambo aang'ono anayang'ana nsapato zawo.

"Choyamba," bambo anatero, "nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe kulalikira. Chachiwiri, agalu anali atatu. Iwe ukuyimba galu mmodzi. Anthu aziti ine ndinathawa galu mmodzi?"

Mayi sanadzutse mutu. "Anali awiri, bambo. Wachitatuyo anali mbuzi."

Ndinawayang'ana mayi. Ndinali nditakhala masabata onsewo ndikuwamvera chisoni, ndikuganiza za namwali wachilendo wa m'nyimbo uja.

"Amayi, inu mukudziwa bwanji?"

"Mpandawo unali wa kwathu, ndisadziwe bwanji?" Anataya kamwala panja. "Thalauzalo ndinalichotsa pa waya ndine m'mawa mwake. Agogo ako analipeza pa chingwe, anati wakuba watisiyira mphatso. Analivala kudimba zaka ziwiri. Tsiku la chinkhoswe bambo akowa anawapeza atalivala."

Bambo aang'ono anayamba kuseka chamumtima, kenako zinawakanika, anatsetsereka pa sofa. Bambo anavalanso magalasi n'kunena kuti pakhomo pano ulemu unatha, ndipo analowa kuchipinda. Patapita kanthawi anatulukanso kudzanena kuti mbuziyo inali ndi nyanga, n'kubwereranso.

Kumpingo sanawaitane kubwalo. Akuluakulu anzawo anangoyamba kuwafunsa za mwendo wawo mwachifundo chopitirira, makamaka kukazizira.

Gulu la panki lija linayimba ndi bambo aang'ono malo angapo, ku Area 43, ku Area 47, ndi kamodzi pa khonde la sitolo ina ku Old Town, pamene mwini sitolo anawathamangitsa nyimbo yachiwiri isanathe. Ine ndinkapita konse, ndipo ndinayamba kudziwa timagulu tina tambiri tomwe mnzanga uja anali asanatimve, zimene zinamuwawa kwambiri. Mvula itayamba, mayi wa ng'oma anamusamutsira ku Mzuzu pa ntchito, gululo n'kutha popanda kukangana. Bambo wa pa kauntala ndimamuonabe, amandipatsa moni monong'ona.

Bambo aang'ono anabwerera ku mbaula zawo, ngakhale kwenikweni sanazisiyepo. Anawonjezera ndime ya agalu awiri ndi mbuzi ya nyanga, ndipo anaitumiza kwa achimwene awo pa foni. Bambo sanayankhe, koma foni inaonetsa kuti aimvera. Mayi anandiuza kuti ndiwaikire nyimboyo m'foni mwawo, ija yapang'onopang'ono ya banjo yokha, chifukwa ya anyamata okuwa aja imawapweteketsa mutu.