Nthungululu ya Amayi m'holo ya ku Govan

Linali Loweruka lachiwiri la Disembala, nthawi ili 3 koloko masana, ndipo m'holo ya tchalitchi ku Govan, dera lina la mzinda wa Glasgow, munkanunkha majekete onyowa ndi mafuta opukutira malipenga. Fungo limenelo ndikalimva lero, ngakhale m'basi munthu wonyowa akakhala pambali panga, ndimakumbukira tsiku limenelo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinakhala pamzere wachiwiri wa bandi, lipenga lili pamiyendo, nditavala malaya oyera amene Amayi anawasita kawiri. Kunja kunali kutayamba kale kuda, monga kumachitira kuno nyengo imeneyo, ndipo mvula yowaza inkatsetsereka pamawindo aatali a holoyo.

Tinali titakhala ku Glasgow chaka ndi theka, ine ndi Amayi awiriwiri. Kwathu ndi ku Chinamwali, ku Zomba. Kuno tinkakhala pamwamba penipeni m'nyumba yakale yamiyala, ya masitepe ozizira onunkha mankhwala okolopera ndi utsi wa fodya. Amayi ankakolopa kuchipatala chachikulu chapafupi, ndipo pobwera manja awo ankakhala otuwa, osweka m'zala. Ine kusukulu ndinali ngati mpando. Kwathu ndinalekezera Sitandade 4, chizungu changa chinali chochepa, ndipo cha anthu akuno chinkangondidutsa m'makutu. Aphunzitsi akandifunsa funso ndinkayang'ana nsapato zanga mpaka atope.

Amene anandipatsa lipenga anali a Gilchrist, mkulu wa bandi ya tchalitchicho. Anali nkhalamba yaifupi ya mapewa aakulu. Moyo wawo wonse anawotcherera zitsulo kumalo opangira sitima zapamadzi, ndipo m'manja mwawo munali timadontho ta zipsera za moto. Tsiku lina anandipeza nditaima pakhomo la holo, ndikumvetsera uku ndikudikira kuti mvula ikate. Sanandifunse dzina. Anangondiika kalipenga kakang'ono m'manja n'kundionetsa kaumitsidwe ka milomo. Kanalira ngati mbuzi yotsamwa. Iwo anaseka, inenso ndinaseka, ndipo aka kanali koyamba kuseka pamaso pa mzungu. Kuyambira pamenepo Lachiwiri ndi Lachinayi ndikaweruka ndinkathamangira kumeneko. M'bandi munalibe wondifunsa funso. Ankangoloza papepala, ine n'kuliza, ndipo anthu ankamva chimene ndanena. M'mzinda wonsewu malo amene ndinali munthu anali mpando umenewo basi.

Kunyumba kuphunzira kunali kovuta. Mayi wina wokhala pansi pathu ankagogoda denga lake ndi tsache ndikangoyamba, choncho ndinkatseka kukamwa kwa lipenga ndi sokosi. Amayi ankakhala pampando ataviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, akumvetsera kamawu kotsamwako ngati akumvera wailesi. "Mwana wa zii uja lero akusokosera azungu," ankatero, n'kumaseka okha. Ankauza aliyense, ngakhale achibale a ku Zomba pafoni, mpaka ndinkawapempha kuti asiye.

Chaka chilichonse Khirisimasi ikayandikira bandi inkachita konsati ya nyimbo zauzimu. Unali mwambo wakale kuposa a Gilchrist eniake. Anthu ankachokera mpaka ku Partick, kutsidya kwa mtsinje, ambiri agogo a tsitsi loyera amene ankakhala mipando yomweyomweyo chaka ndi chaka. Kuchiyambi kwa Novembala a Gilchrist anandiloza ndi kandodo kawo kotsogolera nyimbo. Anati pakati pa nyimbo ina yapang'onopang'ono, yonena za kubadwa kwa Ambuye, pali mizere iwiri imene chaka chimenecho ndidzaliza ndekha. Bandi yonse inkaleka, n'kutsala lipenga limodzi. Ukatha mzere woyamba unkayenera kukhala chete, kuwerenga kanayi mumtima, kenako n'kuyamba wachiwiri, wokwera pamwamba. A Gilchrist ankati chete ameneyo ndi nyimbo yomwe. Pamenepo munthu satsokomola, sasuntha mpando, ndipo saomba m'manja mpaka iwo atatsitsa kandodo.

Aliyense wobwera m'holo ija ankazidziwa zimenezi chibadwire, n'chifukwa chake panalibe wozilemba papepala kapena wozinena poyamba. Nanga Amayi akanazidziwira kuti? Kunyumba mzere wachiwiri sindinkauyesa n'komwe, chifukwa ndi sokosi mawu okwerawo sankatuluka, ndipo ndikachotsa sokosi tsache linkayamba. Milungu yonseyo Amayi ankamva mzere woyamba wokha. Kwa iwo nyimbo yanga inkathera pamenepo. Ine sindinaganizepo zowauza.

Kuti abwere tsikulo Amayi anachita kusinthana shifiti ndi mnzawo, iwo n'kutenga ya Lamlungu m'mawa. Ndinawaona akulowa, atamanga duku lawo lapatchalitchi, n'kukakhala kumbuyo pambali pa Mayi Kalonga. Mayi Kalonga anali nesi, anakhala kuno zaka zambiri, ndipo ndi amene ankatsogolera amayi achimalawi pamapemphero. Ankalankhula chizungu cha m'mphuno ngati eniake. Amayi ankawaopa, ndipo popereka moni kwa iwo ankagwira pachigongono.

Nyimbo zoyamba zinayenda bwino. Malipenga aakulu akumbuyo ankanjenjemeretsa matabwa pansi pa mapazi anga, ndipo m'holo munatentha mpaka mawindo anachita nkhungu. Nthawi yanga itakwana ndinaimirira. Mzere woyamba unatuluka woyera, wosagwedera, kuposa tsiku lina lililonse. Ndinamva mawuwo akufika kudenga n'kubwerera. Ndinatsitsa lipenga pang'ono n'kuyamba kuwerenga mumtima. Ndinangofika pa ziwiri.

Nthungululu ya Amayi inali yodziwika ku Chinamwali konse, moti paukwati ankachita kuwaitanira imeneyo. Tsikulo inang'amba holo kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Agogo ena anadzidzimuka n'kugwira pamtima. Amayi anali ataimirira, dzanja lili pakamwa, mutu uli chagada. Kenako anatsika pakati pa mipando akuvina pang'onopang'ono, atanyamula chitenje chatsopano chimene anachisunga m'sutikesi chichokereni kwathu. Anachiyala pansi patsogolo panga, anakwera sitepe imodzi, n'kundipukuta thukuta pamphumi ndi mpango wawo, monga amachitira kwathu mwana akaimba bwino. Nkhope yawo inali yowala. Anali asanaone kanthu.

Holo yodzaza ija inangoti zii. Kandodo ka a Gilchrist kanali kakadali m'mwamba. Wina kumbuyo anaseka n'kudzitseka pakamwa, kenako ana awiri atatu anatsatira. Ndinabwezera lipenga pakamwa, koma milomo inali itafewa ngati nsanza yonyowa, ndipo kunatuluka mpweya wokha. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mayi wina wa m'bandi, wokhala kumanja kwanga, anaumaliza mzerewo ali chikhalire, ine ndili chiimire ngati mtengo wamagetsi. Bambo wolandira alendo pakhomo anabwera n'kuwagwira Amayi pachigongono ndi zala ziwiri, ngati akunyamula chinthu chothimbirira, n'kuwabwezera kumbuyo. Ndinaona nkhope yawo ikuzima ali m'njira. Chitenje chinatsala pansi mpaka konsati kutha, ndipo oimba potuluka ankachilambalala.

Pambuyo pake kunali tiyi ndi timakeke m'chipinda cham'mbali. Agogo achizungu ankandisisita paphewa ndi kumwetulira kwa pamaliro. Amayi anaima pafupi ndi pokoloweka majekete, opanda kapu m'manja. Mayi Kalonga anawapeza pomwepo, ndipo sanatsitse mawu.

"Amake Tiyamike, kodi mumaona ngati muli pachinkhoswe? Kuno ndi ku Ulaya. Ife zaka zonsezi takhala tikumanga ulemu pamalo ano, inu mwaugwetsa mphindi imodzi. Mwatiyalutsa tonse."

Amayi anapinda mawondo pang'ono, manja ali pamodzi. "Pepani, mayi. Ndimayesa wamaliza."

"Mumayesa. Muzifunsa kaye."

Kenako Mayi Kalonga anapita kwa a Gilchrist ndi abusa kukapepesa m'malo mwa Amalawi onse. Anati mayiyu ndi wakumudzi, sanapite kusukulu, sadziwa khalidwe la pagulu, koma amuphunzitsa. Ndinali nditaima pafupi. Aka kanali koyamba chifikireni kuno kumva chizungu mawu onse osaphonya ndi limodzi lomwe. A Gilchrist anapukusa mutu n'kunena kuti palibe chalakwika, ndipo anaseka pang'ono. Koma anazinena kwa Mayi Kalonga. Kuchokera pomwe anaima kukafika pomwe panali Amayi panali mapazi khumi okha, ndipo sanawayende. Abusa sanawayende. Amayi achimalawi ena anayi amene analipo ankangoyang'ana m'makapu mwawo.

Tinabwerera wapansi, m'mbali mwa khoma lalitali la kopangira sitima. M'mawindo a anthu munali timagetsi ta Khirisimasi tothwanima, ndipo nsapato zanga zinkalowa madzi. Amayi anapanira chitenje chija m'khwapa. Anafuna kundinyamulira bokosi la lipenga, ine ndinalikokera kumbali. Ndinkayenda patsogolo, mwachangu, kuti asandipeze. Mumtima mwanga munali mawu amodzi okha: andilanda. Mzere umene ndinaugwirira ntchito milungu yonse ija anandilanda, mpando wanga anandilanda, ndipo tsopano aliyense m'bandi adzandidziwa ngati mwana wa mayi wofuula uja.

Tili pakati pa masitepe a nyumba yathu, Amayi anapuma n'kunena chapansipansi kuti, "Unaliza bwino, mwanawe."

Ndinatembenuka n'kuwayankha m'chizungu, cha kalankhulidwe ka ana akuno, chimene ndinali ndisanachilankhulepo m'nyumba mwathu. Ndinawauza kuti awononga zonse, ndi kuti asadzabwerenso kulikonse kumene ine ndili. Mawu anga anamveka masitepe onse, mpaka mayi wa tsache uja anatsegula chitseko chake n'kusuzumira. Kwathu mwana wolankhula choncho kwa mayi ake akanagona ndi tsaya lotupa. Amayi anandiyang'ana, anati "Chabwino," n'kuyamba kufunafuna kiyi m'chikwama.

Anasungadi mawu amenewo. Kusukulu sanapitenso, ngakhale tsiku la makolo, ndipo ine nditaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sanapite kukafunsa chifukwa. M'holo ija sanapondemonso. Pachinkhoswe changa ku Dennistoun, komwe kuno ku Glasgow, amayi ena anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa, koma mayi anga ondibereka ankangoomba m'manja pakamwa pali potseka. Mwana wanga atabadwa anamunyamula, anapemphera, basi. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi tsopano, ndipo sanamvepo nthungululu ya agogo ake.

Anthu amati ndine wofatsa. Ndine wamanyazi chabe, mkwiyo ndili nawo. Ndimakwiyira Mayi Kalonga, amene anakhala pambali pa Amayi ola lathunthu konsati isanafike pa ine, osawanong'oneza ngakhale mawu awiri a mmene zimayendera kuno, koma pamapeto anapeza mawu ambirimbiri. Ndimakwiyira bambo wa zala ziwiri uja. Ndimakwiyira holo yonse ya Akhristu amene anabwera kudzamva za chimwemwe chachikulu cha kwa anthu onse, koma chimwemwe chitaimirira pakati pawo chitamanga duku anachiyang'ana ngati galu walowa m'tchalitchi. Akanaomba m'manja munthu mmodzi yekha, ena akanatsatira, tikanaseka tonse, ndipo ine ndikanayambanso mzere wanga. A Gilchrist anamwalira kale ndipo ndimawakumbukira bwino, koma mapazi khumi aja sindinawakhululukire. Mayi Kalonga ndimakumana nawo kutchalitchi. Ndimawapatsa moni wa ulemu, mano ali okukuta.

M'mawa mwake, Lamlungu, Amayi anatuluka kusanache kupita ku shifiti ija anasinthana. Anandisiyira tiyi m'fulasiki ndi buledi wopaka kale. Sindinazikhudze. Ndinachotsa sokosi m'lipenga, ndinalipukuta mpaka kuwala, n'kuliika m'bokosi lake. Kuholo ndinapeza a Gilchrist okha akukonza mipando ya mapemphero. Atandiona anamwetulira n'kunena kuti tionana Lachiwiri nthawi yomweyo, pali nyimbo yatsopano. Ndinaika bokosilo pampando wanga wa pamzere wachiwiri n'kutuluka, iwo akundiitana dzina pambuyo. Ndinkayenda mokhutira. Ndinkati ndawalanga Amayi, akabwera akaone kuti lipenga palibe, adziwe chimene achita. Pa anthu onse amene anali m'holo ija, ndinasankha kulanga mmodzi yekha amene anandiimirira. Pa nthawi imene ndinkatseka chitseko cha holocho iwo anali akukolopa m'makonde a chipatala, kubweza tsiku limene anatenga kuti adzandimve.