Mbatatesi za Pakhomo la Kalasi

Mwamva za a Policarpo? Akuti anaundira sikola ya boma. Inde, kuiundira ngati mzere wa mbatatesi, masana dzuwa likuswa mtengo. Pamsika wa ku Ntengo-Wambalame ena akulumbira kuti anathira ngolo zana. Ena akuti phiri lonse analisamutsa, anyani ali pamwamba pomwepo.

A Policarpo ndi bambo wa ngolo, wolima mbatatesi, wosaseka. Amene anaonapo mano awo ndi dotolo yekha. Ng'ombe zawo ziwiri amazitchula kuti Segunda ndi Sabado, ndiye kuti Lolemba ndi Loweruka, poti ina ndi yaulesi, ina yothamangira kunyumba. Ubwana wawo unathera ku Ntcheu, kothawa nkhondo. Kumeneko kalasi inali yodzaza, ndiye iwo ankaphunzirira pazenera, ataimirira panja. Mvula itabwera, maphunziro anathera pomwepo. Atabwerera kwawo anapeza munda uli thengo, naugwira mpaka lero. Mbewu yawo, ya maluwa ofiirira, sapatsa munthu. Mlamu wawo anapemphapo, anabwerako ndi malangizo okhaokha.

Njira ya ngolo yawo imadutsa pa sikola. Pamenepo pali mtsikana wa kinta kalasi, kalasi yachisanu, dzina lake Iolanda, woyenda pa njinga ya olumala. Amisiri amene anamanga sikolayo anaika masitepe aatali ngati akumangira akadyansonga. Ali wamng'ono anzake ankamunyamula, koma atakula anakana kunyamulidwa ngati thumba. Choncho ankakhala panja, pazenera, kope lili pamwendo. A diretora, mkulu wa sikolayo, mayi Nélia, anali atapempha kale ku distrito, ku ofesi ya boma, kuti amange rampa, njira yotsetsereka ija. Yankho linali lakuti simenti ikubwera. Simentiyo iyenera kuti ikubwera wapansi kuchokera ku Beira.

Tsono mitambo inayamba kusonkhana. Amayi a Iolanda ananena poyera kuti mvula ikangogwa, mwana akhala pakhomo, mayeso kaya.

A Policarpo anadutsa, anayang'ana zeneralo, n'kupitirira.

Mawa lake ngolo yawo inachita ngozi. Inadza itadzaza miyala, chitseko chakumbuyo n'kutseguka chokha, ndendende pamasitepe. Mkucha ngozi inanso, ya dothi.

“A Policarpo, kodi ngolo yanuyi imadwalira pano pokha?” anafunsa mayi Nélia.

“Ndi Segunda uyu, senyora diretora. Akaona sikola amafooka.”

Atatero anatulutsa khasu, ati akuchotsa dothi panjira. Kuchotsa kwake kunali kokokera pamwamba, kusalaza, kupondaponda. Ana potuluka anavinapo mpaka panalimba ngati pabwalo. Lolemba Iolanda anakwera, analowa, anakhala kutsogolo, n'kuyamba kudandaula kuti bolodi ndi lakuda ndi fumbi.

Koma mlimi ndi mlimi. Dothi lomalizira m'mbali a Policarpo anakatapa m'munda mwawo, mmene anakumba chaka chatha. Mwana aliyense kuno amadziwa kuti m'munda wotere simutha timbatatesi totsalira. Mvula itagwa, rampa inamera. Inachita maluwa. Ofiirira.

Ndiye kunabwera bwana wa ku distrito, a Osvaldo, panjinga yamoto, matope mpaka m'makutu. Anaima, anayang'ana, anavula chipewa.

“Nyumba ya boma simangidwa ndi aliyense wodutsa. Wathira dothili alichotse lero.”

“Nanga akapanda kupezeka?” anatero mayi Nélia, nkhope ili ngati ya m'tchalitchi.

“Likhala mpaka simenti ifike. Ine sindinabwere ndi khasu.”

Anafunsa makolo amene anasonkhana. Anthu amene amadziwa nkhuku ya mnzawo ndi kulira kokha, tsiku limenelo anali asanaonepo mbatatesi chibadwire. Mayi wina anati mwina ndi fodya. Mlamu uja anayang'ana maluwawo nthawi yaitali, anameza malovu, n'kunena kuti mbewu yonyansa chotere saidziwa.

Nthawi yomweyo ngolo inatulukira, Sabado akukoka ngati wamva fungo la madeya. Pamwamba pa matumba panali masangwi atsopano a mbatatesi, maluwa ake ofiirira akugwedera. Iolanda anasuzumira pakhomo la kalasi, manja ali pamateyala. A Policarpo anamuona. Anaonanso masitepe amene anali pansi pa dothi lija, ndi zenera lopanda munthu.

“Bambo,” anatero a Osvaldo, maso ali pangolo, kenako parampa, kenako pangolo, “anthu akuti ndinu munaundira sikolayi.”

A Policarpo anatsika mosafulumira, anaponda parampa kuti amve ngati ikadali yolimba, anazula kaudzu kamene kanamera pakati pa mbatatesizo, n'kukataya kutali.

“Ine? Sindinathire dothi pano, ndipo mbatatesi izi sindikuzidziwa.”